Kumene Waya Sanafike

Ine ndine mlangizi wanu wa zaulimi. Poyenda m'midzi yanu ambiri mwandifunsa kuti, "Kodi intaneti yothamanga imene anzathu a ku Blantyre ali nayo m'nyumba zao idzafika liti kuno?" Ndisanayankhe, tiyeni tiyambe taceukira m'mbuyo, pakuti bvuto limeneli si la lero ai.

Kale mau anali kuyenda ndi miyendo. Pamene Angerezi anamanga linga la Fort Lister m'caka ca 1893, pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, makalata anali kunyamulidwa ndi amtengatenga oyenda pansi. M'zaka zomwezo kampani ya Cecil Rhodes inakoka waya wa lamya kudzera ku Tete, Blantyre ndi Zomba, napitirira mpaka ku Karonga. Waya ameneyo anatsata maboma, kumudzi sanakhote. Cifukwa cace ncosabvuta: kukoka waya kumadya ndarama pa mtunda uli wonse, ndipo mwini wace amafuna anthu ambiri olipira okhala pamalo amodzi.

Cimene cinayamba kulowa m'midzi ndi wailesi, popeza mau ace safuna waya. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yooneka ngati sefuliya, yogwira mau a Cinyanja ocokera ku Lusaka. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndarama zosati zamasewera kwa mlimi wa masiku amenewo. Cotero wailesi imodzi inali kutumikira mudzi wonse, ndipo madzulo anthu anali kusonkhana pakhonde pa mwini wace. Gwirani mfundo imeneyi, tibwererako.

Lamya nayonso inafika kwa ife itasiya waya. TNM inayamba nchito m'caka ca 1995, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, inatsatira mu 1999. Nsanja imodzi yoimikidwa pacitunda inacita cimene waya analephera kwa zaka zana.

Tsono intaneti. Zingwe zace zazikuru zimadzera pansi pa nyanja yamcere, ndipo zinafika kugombe la Mozambique ndi Tanzania m'caka ca 2009. Ife tiribe gombe lotero. Zingwe zina zimatenga mauwo pamtunda kufika nao m'mizinda ndi m'maboma athu, ndipo monga waya wa kale uja, zimathera pomwepo. Koma m'caka ca 2023 kampani ya Starlink inayamba nchito m'Malawi. Iyo imagwiritsa makina oyenda m'mlengalenga, pamtunda wa makilomita pafupifupi 550. Munthu amaika mbale poyera, posachingidwa ndi mitengo, nalandira intaneti ngakhale kumene kulibe nsanja. Komatu mbaleyo imafuna magetsi, mtengo wace ngwaukuru, ndipo pali colipira mwezi ndi mwezi. Mlimi mmodzi sangathe.

Wina anganene kuti izi nza ana a sukulu. Kumbukirani March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula milatho ndi kukokolola midzi muno m'Phalombe. Womva cenjezo msanga ali ndi nthawi yokweza ana ndi mbuzi kumtunda. Kumbukiraninso nyengo ya nandolo. Wogula amadza alikudziwa mtengo wa ku Limbe, inu osaudziwa, ndipo pasikelo wopambana ndi iye.

Nanga ticitenji? Coyamba, yendani ndi foni pamudzi panu, mupeze pamene mau amagwira bwino. Kawirikawiri kabokosi kolowetsamo simu khadi, kopacikidwa pamwamba, kamakwanira nyumba yonse, ndipo sola yaing'ono imakayendetsa.

Caciwiri, kumene nsanja sigwira konse, citani monga makolo athu ndi wailesi ija. Kalabu ya alimi, sukulu kapena mpingo zisonkhe pamodzi, zigule mbale imodzi. Mutu umodzi susenza denga. Koma musanagule, werengani za mwezi ndi mwezi, musankhe msungicuma wokhulupirika, ndipo zonse zilembedwe m'buku. Ndaona kalabu ina itagula cipangizo cokongola ndi ndarama za zokolola, nicikhala cete m'miyezi ya njala cifukwa cosowa colipira.

Cacitatu nca inu mafumu. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la ndarama pansi pa MACRA, lothandiza kufikitsa mauthenga kumene makampani saona phindu. Lembani midzi imene foni sigwira, mutengere maina ace ku komiti ya citukuko ndi ku Khonsolo ya Phalombe. Akadza ofuna malo a nsanja, alandireni, ndipo mucenjeze anyamata kuti woba mabatire a pansanja wabera mudzi wonse.

Musadikire waya pakhomo, abale. Sanafikepo m'masiku a agogo athu, koma mau anafika ndithu. Tsalani bwino, tidzacezanso sabata yamawa.