Napolo wa pa Tumbine

Ndidabadwira m'tsinde mwa phiri la Tumbine, kuno ku Milange. Tili ana, agogo ankatiuza za Napolo, cinjoka cokhala pansi pa phiri, cimene cikafuna kusamukira kunyanja cimang'amba nthaka ndi kukokolola zonse za m'njira mwake. Ankachula za ku Zomba, kumene mu Dezembro 1946 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri n'kugumula milatho ndi nyumba. Ife tinkangoti ndi nthano za pamoto.

Nkhondo itakula kwathu mu 1986, tidawoloka Muloza n'kukakhala ku Mulanje. Tili komweko, mu Março 1991, phiri la Michesi lidang'ambika ku Phalombe, ndipo anthu mazana adafa. Patapita masabata ndidakaonako ndekha: miyala yaikulu ngati nkhokwe idali mbwee pamene padali makomo a anthu.

Mtendere utabwera mu 1992 tidabwerera kwathu tili manja lende, njala ili m'nyumba. Tidakwera m'phiri ndi nkhwangwa. Sindiloza munthu cala, pakuti inenso ndidagwetsa mitengo, ndidaocha makala, ndidabzala cimanga ndi nyemba pamalo otsetsereka pamene makolo athu sankaponyapo khasu. Za ku Phalombe ndidaziiwala msanga.

Mu Janeiro 1998 mvula idagwa yosalekeza, nthaka idakhuta, ndipo Tumbine adatsika. Cimene sindiiwala ndi phokoso lake, ngati magalimoto ambiri akubwera pamodzi, komanso fungo la dothi longokumbidwa kumene. Amayi adatikokera kumtunda, cammbali mwa khwawa. Amalume adali nafe, koma adabwerera kuti akatsekulire mbuzi. Sitidawaonenso. Anthu makumi ambiri adapita tsiku limenelo, ena osapezeka ndi mtembo womwe.

Patatha zaka 25, namondwe Freddy adalowera ca ku Quelimane pa 11 Março 2023, n'kudzakhuthula mvula kuno ndi kutsidya. Ku Soche ndi ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe komwe kuja, mapiri adatsikanso pa anthu. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Oiwala ndife, amene timamanganso pamene madzi adadutsa kale cifukwa papita zaka padauma.

Kaya mumati ndi Napolo, kaya mumati ndi dothi lokhuta madzi limene lasowa mizu yoligwira, zizindikiro zake n'zimodzi, abale anga. Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osakata, yang'anani phiri. Mukaona ming'alu m'munda, mitengo itapendekeka, kapena kasupe atatumphuka pamene sipadakhalepo kasupe, samukani kusanade. Mtsinje ukafiira mwadzidzidzi n'kumabwera ndi zitsa, kumtunda kwagumuka. Coopsa koposa ndi mtsinje umene waphwa mvula ikugwabe: watsekeka kumtunda, ndipo ukaphulika ubwera wonse nthawi imodzi.

Pothawa musatsike motsata khwawa, pakuti matope amathamanga kuposa munthu. Patukani cammbali, mukwere pamtunda wolimba. Madzi othamanga akafika m'mawondo musawoloke, kaya pansi, kaya panjinga yamoto, ngakhale msika wa kutsidya ukuitane bwanji. Usiku wa mvula yotere wina akhale maso, wailesi ili pafupi, ndipo a komiti ya INGD kapena amfumu akaliza mluzu, tengani ana, okalamba ndi mapepala ofunika basi. Mbuzi zisiyeni.

Ine tsopano ndimalima kumunsi. Kumunda kwanga kwakale kuphiri ndidabzalako nsungwi ndi mibawa. Mvula yoyamba ikagwa ndimatenga adzukulu, ndimawaonetsa mwala umene udaima pamene padali khola la amalume, ndiyeno timayenda limodzi njira yokwerera kumtunda mpaka aidziwe ndi mumdima momwe.