Khutu la amalume ndi kompyuta bokosi

Amalume anga ankatchuna injini ndi khutu. Ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro n'kuika kukhutu, n'kukhala duu. Kenako mumangomva, "Mphwanga, dizilo akufika mochedwa."

Umakanikowu anauphunzirira cha ku Chitedze, kumene siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi inatsegulidwa mu 1948, pamsewu wa ku Mchinji. Ntchito inachuluka kuyambira mu 1968, pamene Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama za World Bank, inayamba kulambula misewu ndi kukumba mijigo m'midzi. Ma Land Rover a alangizi ankapita ku Nsaru m'mawa, n'kubwerako madzulo atadzola matope mpaka padenga.

Masiku amenewo kutchuna kunali kumasula mabauti a pampu ya dizilo, kuipotoza pang'ono, n'kuyang'ana utsi. Kwathu kuno n'kokwera mamita opitirira 1,100, choncho mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi kunyanja. Mukawonjezera mafuta mpweya uli womwewo, galimoto imasanza utsi wakuda bii, mphamvu osaoneka.

Zinasintha ndi injini ngati Td5 ya Land Rover mu 1998, kenako Hilux ya D-4D. Izi zimalamulidwa ndi ECU, imene kugalaja timangoti kompyuta bokosi. Mkati mwake muli ndandanda youza injini mlingo wa dizilo, nthawi yomupopera ndi mphamvu ya turbo, kutengera mmene injini ikuzungulirira ndi mmene phazi lapondera. Wotchuna amalumikiza laputopu pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Woidziwa ntchito amayamba wasunga ndandanda yakale asanakhudze kanthu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti anyamata ambiri amatchunira liwiro, pomwe galimoto yodutsa padambo m'dzinja imafuna mphamvu yokoka injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Mafuta akachulukitsa, kutentha kumakwera mpaka pisitoni kusungunuka. Onjezeranipo dizilo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi, manozo atha. N'chifukwa chake oyenda m'misewu ya ku Kabudula amakakamirabe Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ya mu 1990, yopanda kompyuta.

Tsiku lina ndinatchuna Hilux amalume ali pampando, maso atayamba kale kuchita khungu. Laputopu inaonetsa kuti zonse zili bwino. Iwo anamvetsera kanthawi n'kuti ndione nozo yachitatu. Nditaimasula, ndinaipeza ikudontha.