Mau Akuti "Kuodzera"

Munthu akayala mphasa yace, nazima nyali, nafunda, anthu amati wagona. Koma akakhala tsonga, maso nalemera, mutu nugwa pa cifuwa ndi kudzukanso mwadzidzidzi, amati alikuodzera. Ena amati alikusinza. Kusiyana kwace ndi uku: wogona wacita kufuna tulo, koma woodzera tulo tamgwira iye asakufuna, ndipo kawirikawiri tamgwira pa nthawi yoyenera kupenya.

Cifukwa cace mau awa amamveka makamaka pamene pali nchito ya kulonda. M'cigwa ca Phalombe mapira akayamba kucha, kapena mpunga wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa ukakhwima, ana amawatuma kukaingitsa mbalame. M'tsinde mwa phiri la Michesi mdani ndiye nyani. Mwana woodzera pa dindiro sanacimwe ngati wothawa nchito, pakuti pamalo pace alipo ndithu. Koma mbalame sizidziwa kusiyanitsa, ndipo mapira amatha cimodzimodzi. Pa maliro napo anthu ocezera usiku amaodzera pa moto, ndipo palibe wowadzudzula, cifukwa kufika kwao ndiko kofunika.

Alonda ena anali a mfuti. M'caka ca 1893 Boma la Angerezi linamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje. Mpata umenewu unali njira ya anthu ogula akapolo popita nao ku nyanja ya mcere. Ulendo wa akapolo ukadatha kupyola usiku umodzi wokha, tsono msilikali woodzera pamenepo akadataya anthu, si mapira ai.

Mauwa anafikanso pa makhalidwe. Munthu wocedwa kuzindikira zinthu, amene anzace amamcenjerera pa malonda, amamnena kuti ngogona. Koma woodzera amamcitira cifundo pang'ono, popeza kumgwedeza paphewa kukwanira.

Pali kuodzera kwina kumene kugwedeza sikuthandiza. Monga nthenda youmitsa thupi anaicha kafumbata, kucokera ku mau akuti kufumbata, momwemonso nthenda ya tulo anaicha kaodzera. Amene anapeka dzinali anapenyetsetsa bwino, pakuti wodwala sagona tulo tabwino konse: usana aodzera, ngakhale ali pakati pa kudya, koma usiku tulo timthawa. Nthendayi imadza ndi nchenche yochedwa kashembe, imene iluma nyama za m'chire ndi kutenga tizirombo m'mwazi mwao, nkudzaluma munthu. Poyamba munthu amva malungo ndi mutu. Tizirombo tikafika ku ubongo ndipo kuodzera kuyamba, ndipo wopanda mankhwala amafa.

Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika m'caka ca 1910, pamene akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapima mwazi wa munthu amene anadwala atayenda m'cigwa ca Luangwa. Nkhondo ya 1914 isanayambe, Sir David Bruce anadza ku Nyasaland kudzafufuza, ndipo ananena kuti nkhokwe ya tiziromboti ndi nyama za m'chire. Nkona lero nthendayi ipezeka makamaka kufupi ndi nkhalango zosungiramo nyama, monga za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu. Ku Phalombe, kumene chire lambiri linasanduka minda, ambiri amangodziwa dzina lace.