Umphawi ndi ndalama za masukulu a boma ku Katete

Katete ndi tauni yaing'ono ya m'cigawo ca kum'mawa, pamseu waukulu wa Great East Road. Makolo ambiri kumeneko ndi alimi a cimanga, nshawa, soya ndi thonje, ndipo amaona ndalama kamodzi pacaka, akagulitsa zokolola. Maphunziro a ana ao amadalira kwambiri m'mene munda waberekera.

Kafukufuku wa boma wa caka ca 2022 anaonetsa kuti pa anthu 100 alionse m'dziko la Zambia, 60 anali paumphawi, ndipo kumidzi anali pafupifupi 79. Ku Katete umphawi umenewu umaonekera m'kalasi. Anyamata ena amabwerekedwa kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo, kuti pamapeto pake alandire ng'ombe imodzi. Akabwerera kusukulu amakhala atatsalira pa kuwerenga ndi masamu. Atsikana ena amasiya cifukwa ca mimba kapena ukwati, ngakhale kuti kuyambira mu 1997 mtsikana amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2023 lamulo la maukwati linakonzedwanso, ndipo linaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo.

Boma linacotsa malipiro a sukulu kuyambira giredi 1 kufika giredi 7 mu 2002, pa utsogoleri wa a Levy Mwanawasa. Mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere kusekondale. Caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 m'dziko lonse, ndipo linakweza thumba la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Zina mwa ndalamazi zimagulira madesiki, kumangira makalasi ndi kulipirira ana osauka m'masukulu ogonera komweko.

Malipiro atacotsedwa, ana anabwerera ambiri, koma makalasi ndi mabuku sanaculuke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi akakhala ndi ana ocuruka, sangathe kuona nchito ya mwana aliyense, ndipo zimenezi zimaonekera pa mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia. Yunifomu, makope ndi cakudya zikali pamapewa a makolo, ndipo katunduyu analemera kwambiri pa cilala ca 2024.