Matenda a GVHD mwa ana odwala khansa amene alandira maselo a munthu wina

Ana ena odwala khansa ya m'magazi amachira pokhapokha atapatsidwa maselo opanga magazi ochokera m'mafuta a m'mafupa a munthu wina. Chithandizochi chili ndi chiopsezo chachikulu cha matenda otchedwa graft-versus-host disease, mwachidule GVHD.

Matendawa amayamba pamene maselo a chitetezo amene abwera ndi maselo operekedwawo aona thupi la mwanayo ngati mdani ndi kuyamba kulimbana nalo. Chiopsezo chimachepa ngati zizindikiro za m'maselo zotchedwa HLA za wopereka ndi wolandira zikufanana. Pa abale a bere limodzi, mwayi wofanana kotheratu ndi umodzi mwa inayi, choncho ambiri amadalira anthu ena olembedwa m'kaundula, monga wa South African Bone Marrow Registry amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1991.

GVHD ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba imabwera mofulumira, kawirikawiri m'masiku 100 oyambirira, ndipo imagwira khungu, matumbo ndi chiwindi. Mwana amatuluka zidzolo, amatsegula m'mimba kwambiri ndipo maso amachita chikasu. Yachiwiri imabwera mochedwa ndipo ikhoza kutenga zaka. Imaumitsa maso ndi m'kamwa, imalimbitsa khungu ndi mfundo, imawononga mapapo, komanso ikhoza kusokoneza kakulidwe ka mwana.

Vuto limene madokotala amakumana nalo ndi lakuti maselo omwewo amene amayambitsa GVHD ndi amenenso amapha maselo a khansa otsalira m'thupi. Akawafooketsa kwambiri, khansa ikhoza kubwerera ndipo mwana amagwidwa msanga ndi matenda ena. Akawalekerera, GVHD ikhoza kupha.

Poteteza matendawa, madokotala amapereka cyclosporine kapena tacrolimus pamodzi ndi methotrexate. Matendawa akayamba, chithandizo choyamba ndi mankhwala a steroid monga prednisolone, koma si ana onse amene amathandizika nawo. M'chaka cha 2019, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza ruxolitinib kwa odwala otere a zaka 12 kupita m'tsogolo. Mu Disembala 2024 linavomerezanso remestemcel-L kwa ana kuyambira a miyezi iwiri.

Chifukwa chakuti mtundu wachiwiri umachedwa kuonekera, mwana amene walandira maselo, ngakhale kuchipatala cha kunja, ayenera kupitiriza kuonedwa ndi madokotala kwa zaka zingapo atabwerera kwawo.