Boma Likamapha Anthu Ake, Anansi Achitenji?

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mpata umene ife a kuno kwa Kaduya ndi a madera ena a Phalombe timaudziwa bwino. Pampatapo pali mabwinja a linga la Fort Lister, limene atsamunda a ku Mangalande anamanga m'chaka cha 1893. Pamene ndinali pa ntchito ya uphunzitsi ndinkapita ndi ana asukulu kukaona mabwinjawa, ndipo funso limene linkatuluka kawirikawiri linali lakuti kodi eni lingali anadza kudzatipulumutsa kapena kudzatilanda dziko.

Mayankho onse awiri ali ndi choona chake. Mpatawu unali njira ya ogula akapolo, amene ankadutsa ndi anthu omangidwa m'magoli kulowera cha ku Quelimane. Harry Johnston anathira nkhondo mafumu amene ankachita malondawa, ndipo ukapolo unathadi. Koma mfuti zomwezo ndi zimene zinakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa alendo umene unafika mpaka 1964. Kuyambira kale, tsono, wobwera ndi nkhondo kudzaletsa nkhanza amabweranso ndi zofuna zake.

Maiko a mu Afirika atayamba kudzilamulira sanaiwale phunziro limeneli. Pokhazikitsa bungwe la umodzi wao la OAU ku Addis Ababa mu 1963, anagwirizana kuti dziko lisamalowerere nkhani za m'dziko linzake. Lamuloli linali ngati mpanda wotchinga atsamunda kuti asabwerenso. Tsoka lake linali lakuti mpanda womwewo unabisa atsogoleri amene ankazunza anthu ao. Kumudzi, mwamuna akamamenya mkazi wake usiku, anansi ena amangofunda bulangete nkumati za m'banja saziloweramo. Ndi momwe maiko ambiri anachitira.

Malawi muno tinaziona zimenezi. Mu 1967 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa mpingo wa Mboni za Yehova, makamaka chifukwa anthu ake ankakana kugula makhadi a chipani cha Kongeresi. Mu 1972 nkhanza zinafika poipa: Apayoniya ndi Ayufi anawotcha nyumba zao, kuwamenya ndi kuwapirikitsa m'midzi, ena mpaka kuphedwa. Anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati inali ngozi ya pamsewu, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Enanso ambiri anatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzeleka popanda kuzengedwa mlandu.

Nanga maiko akunja anachitapo chiyani? Mabungwe ngati Amnesty International ankalemba ndi kudandaula, koma maboma amphamvu anakhala duu. Nthawi imeneyo dziko lapansi linali logawanika pakati pa Amereka ndi Soviet Union, ndipo Dr Banda, amene ankadana ndi chikomyunizimu, anali bwenzi la maiko a kuzambwe. Patangopita zaka ziwiri chichitikireni za ku Mwanza, mu 1985, analandiridwa mwaulemu waukulu ku London ngati mlendo wa Mfumukazi, ndipo mu 1989 Margaret Thatcher anadzacheza kuno. Thandizo la ndalama linkangobwera.

Kodi zikanakhala bwino dziko lina likanatumiza asilikali? Tione zimene zinachitika ku Uganda. Idi Amin anapha anthu ake ambirimbiri kuyambira 1971, koma mu 1975 anzake anamulola kukhala wapampando wa OAU. Iye atalanda dera la Kagera mu 1978, Julius Nyerere anatumiza asilikali a Tanzania amene sanalekere pamalire koma anafika mpaka ku Kampala mu Epulo 1979. Anthu a ku Uganda anawalandira ndi nthungululu. Komabe mtendere sunadze msanga. Atsogoleri anasinthana mothamanga, Milton Obote anabwerera pampando mu 1980, ndipo nkhondo yapachiweniweni inapululanso anthu mpaka 1986. Mfuti ya mlendo inachotsa munthu mmodzi, koma sinathe kumanga boma lachilungamo.

Kwathu kuno zinthu zinayenda njira ina. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi mwao monse, yodzudzula kupondereza anthu. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi anthu apantchito ku Blantyre ananyanyala, ndipo apolisi anawombera ndi kupha ena mwa iwo. Mwezi womwewo maiko otithandiza, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo la chitukuko kufikira boma litayamba kulemekeza ufulu wa anthu. Sanakhudze thandizo la chakudya, pakuti chinali chaka cha chilala, ndiponso dziko lino linali kusunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ambiri a ife tinakhala nawo moyandikana kuno kumalire. Tisaiwale kuti maikowa analimba mtima chifukwa Soviet Union inali itagwa mu 1991, ndipo ubwenzi wa Dr Banda sunalinso wofunika kwa iwo.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti pa riferendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali athu omwe, osati a dziko lina, ndiwo analanda zida Apayoniya. Pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho, ndipo Dr Banda anavomera kugonja. Palibe msilikali wachilendo amene anaponda nthaka ino. Akunja anangotseka thumba la ndalama, koma amene anaika moyo wao pachiswe anali eni dziko.

Komabe tisafulumire kunena kuti njira imeneyi ndi yokwanira kulikonse. Masiku omwewo pamene ife tinali pamzere wa voti, ku Rwanda anthu anali kuphedwa ndi zikwanje. Kuyambira Epulo 1994, m'masiku ngati 100, anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa pa chiwembu chokonzedwa ndi akuluakulu a boma. Asilikali a United Nations analipo kale m'dzikomo, koma m'malo mowawonjezera, bungwelo linawachepetsa kufika pa 270. Pamenepo kuimitsa thandizo sikukanapulumutsa munthu, pakuti nthawi panalibe. Manyazi a ku Rwanda ndi amene anachititsa kuti bungwe la African Union, limene linalowa m'malo mwa OAU mu 2002, lidzipatse mphamvu yolowerera dziko limene mukuchitika chiwembu chofuna kutha mtundu wa anthu.

Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Mbiri yathu ikutiphunzitsa kuti nthawi yabwino yozimira ndi pamene moto uli waung'ono. Maiko akunja akanadzudzula ndi kuumitsa dzanja mu 1972 monga anachitira mu 1992, mwina anthu anayi aja sakanafera ku Thambani. Nkhondo ndi mankhwala owawa oyenera kusungidwira tsiku longa la ku Rwanda, ndipo wobwera nayo ayenera kufunsidwa funso lija la ana asukulu pa Fort Lister: wadzera anthu kapena wadzera dziko lao? Inu ophunzira a lero mudzakhala nduna, akazembe ndi asilikali a mawa. Tsiku lina mudzamva kulira kutsidya kwa malire, ndipo mudzayenera kusankha kudzuka kapena kufunda bulangete.