Ciswe ca Drummond ndi Mafupa a ku Hora

Ana athu akabwerako ku sukulu ku Mzimba nanena kuti zamoyo zonse zinasandulika pang'onopang'ono m'zaka zosawerengeka, akuru ena a mpingo agwidwa nkhawa, nati, Kodi mwanayu sadzataya Mulungu? Tifuna kukumbutsa abale kuti mlandu umenewu si wa lero ai. Unalowa m'dziko lino pamodzi ndi mishoni yomwe.

Charles Darwin anaturutsa buku lace la ciyambi ca mitundu ya zamoyo m'caka ca 1859. M'caka ca 1883 anafika kuno Henry Drummond, mlaliki wa Uthenga Wabwino amene analinso mphunzitsi wa zacilengedwe pa sukulu ya abusa ya Free Church ku Glasgow. Iye anayenda pa nyanja kufikira kumpoto, napenyetsetsa miyala, tizirombo ndi ciswe. Ife tidana naco ciswe cifukwa ca nsici za nyumba zathu, koma iye anaona kuti cigwira nchito ya khasu, pakukweza dothi lapansi ndi kulibweza pamwamba, monga Darwin ananenera za nyongolotsi za kwao.

Drummond anabvomereza kusandulika kwa zamoyo, osaleka kupemphera. M'buku lace la 1894 anadzudzula Akristu amene afunafuna Mulungu m'mipata mokha momwe anzeru sanafikemo. Pakuti anzeru akatseka mpata wina, Mulungu wotereyo acepa. Kwa iye Mlengi anali m'nchito yonse. Anatinso zamoyo sizinakule ndi kulimbana kokha, komanso ndi kudzipereka kwa mai cifukwa ca mwana wace. Ena anamnenera ku msonkhano waukuru wa mpingo wace mu 1895, koma msonkhanowo sunamtsutse.

Sitimtamanda m'zonse. Polemba za makolo athu anawayesa anthu otsalira pa makwerero a pansi, ndipo pamenepo analakwa ndithu. Anzeru a lero omwe atsimikiza kuti anthu onse ndi mtundu umodzi, ndi kuti unayambira mu Afirika muno.

Pa sukulu yomweyo ya ku Glasgow anaphunzira Donald Fraser, amene anakhala ku Hora nasamukira ku Embangweni mu 1902, kumene amangako Loudon. Tsono taonani cinthu codabwitsa. Pansi pa thanthwe la phiri lomwelo la Hora, mu 1950, Desmond Clark ndi Rangeley anafukula mafupa a anthu awiri. Atayesedwa masiku ano, a mkazi anapezeka a zaka zoposa 8,000. Ofukula ena anapezanso tiana tiwiri toikidwa pomwepo zaka 14,000 kapena kuposa zapitazo. Angoni asanaoloke Zambezi mu 1835, Atumbuka asanalime munda uli wonse pano, anthu anali kulira maliro pa Hora.

Mafupa amenewa satiuza za kusandulika kwa nyama, pakuti eni ace anali anthu monga ife. Koma athyola ciwerengero ca zaka 6,000 cimene Ussher, bishopu wa ku Ireland, anawerenga, ndipo osindikiza anaciika m'mphepete mwa Mabaibulo ena a Cingerezi. Ciwerengero cimeneco sicinalembedwe m'Genesis. Mkuru wa mpingo wofuna kuyankha mwana wace ayambe wapatula ziwirizi, cimene cinalembedwa m'buku ndi cimene munthu anaonjeza m'mphepete. Pamenepo amfunse mwanayo cimene anaphunzira, namvetsere kufikira atatha.